Mpando wa Emília

Alberto anali atakhala kale kanayi pampando wachikopa, kanayinso pa wansalu, koma mtima sunakhazikike. Ukwati wake unali m'mawa womwewo. Iye, mphunzitsi wathunthu wa ku Tsangano, ankangozungulira pabwalo la Xavier makaniko, akuseka yekha, tayi itapendama. Ng'ombe ziwiri zinkamuyang'ana zikubzikula pafupi ndi mpanda.

Magalimoto anali awiri. Ina inali jipi yakale ya mipando yansalu. Inayo anaisiya mwini sitolo amene anathawa nkhondo itayandikira, ndipo mipando yake inali yachikopa chakuda.

Nkhani inagona pa diresi. Emília, mkwatibwi, anabwereka diresi loyera kwa namwino Marta, ndipo m'dera lonse munalibe lina. Azakhali a mkwatibwiyo, a Serafina, ananeneratu kuti likangoda panjira, mwana wawo salowa m'tchalitchi.

Xavier anali kumbali ya nsalu. Ankati chikopa m'mawa chimazizira ngati mwala wamumtsinje, dzuwa likakwera chimawotcha ntchafu, pamtsetse munthu n'kumatereranso. Nsalu imamugwira munthu bwinobwino. Alberto ankayankha kuti nsalu imamwa fumbi, thukuta, chilichonse, ndipo sibweza. Chikopa umangopukuta ndi kansanza konyowa, basi chayera.

"Ndiye a pulofesolo, mukufuna mkazi afike woyera koma atauma ndi chisanu?"

"Ndimufunditsa chitenje cha kapulana. Iwe sunakwatirepo, khala chete."

Ali mkati mokangana, a Serafina anatulukira ndi kampango koyera m'manja. Sanapereke moni wautali. Anamenya mpando wansalu kamodzi ndi chikhatho. Fumbi lofiira linafuka, kanthenga kakuuluka pamwamba pake. Atapisa dzanja kuseri, anatulutsa dzira. Xavier analumbira kuti nkhukuyo ndi yaukhondo kuposa anthu ambiri amene iye anawanyamulapo.

Kenako azakhali anapita pa wachikopa. Alberto anayandikira kuti aone. Dzulo lake anafuna kuupaka mafuta akuda opukutira nsapato kuti uwale, koma Xavier anabisa kachitiniko. Azakhali anapukuta pokhalira, potsamira, m'misoko momwe. Anakweza kampango kudzuwa. Kanali koyera.

Anakhalapo okha, nadzigwedeza kawiri. Anaterera pang'ono, n'kuphulika kuseka.

"Uwu ndiwo. Koma pamtsetse wa kumsika, mkamwini, mumugwire mwana wanga."

Alberto analonjeza kuti amugwira ngakhale pamalo osatsetsereka, ndipo azakhali anamukwapula ndi kampango kaja. Xavier anathamangira m'nyumba kukatenga zida zake ndi zingwe.

Pamene Emília ankafika ndi amayi oimba, zonse zinali zitakonzeka. Anamukweza mosamala, atsikana awiri atanyamula mpendero wa diresi. Atakhala anati "ii!" ndi kuzizira, kenako anawongola khosi ngati mkazi wa administradolo, bwana wa boma. Alberto anakhala pambali pake, namufunditsa kapulana, dzanja lili kale m'chiuno.

"Tiyeni, a shofelo," anatero Alberto mwaulemu wonse.

Xavier anakokanso zingwe zomangira mpando pangolo, analiza chikwapu, ng'ombe zija zinanyamuka. Magalimoto anatsala pamiyala yawo, pomwe anakhala zaka zitatu opanda matayala ndi mafuta a gazolina, ina tsopano ilibenso mpando.