Pulogalamu ya Kusitolo kwa Alamu

"Aliyense aitenge, aisinthe, kaya aigulitse, ufulu ndi womwewo!" anakalipa Mandevu, mkulu wa kagulu kolemba mapulogalamu aulere a pakompyuta, akumenya tebulo.

Anzake ankafuna laisensi yokakamiza aliyense wosintha pulogalamu yawoyo kuti nayenso aigawe poyera. Anawatopetsa ndi makani mpaka anangomusiya, pulogalamuyo n'kuitulutsa monga ankafunira iyeyo.

Patapita miyezi, alamu ake anamuitanitsa kusitolo kwawo.

"Alamu, pulogalamu yowerengera katundu ndinagulayi ikungozima. Tandikonzereni."

Atangoiona, Mandevu anagwira pakamwa. Inali yawo yomwe ija, angoisintha dzina. Ngakhale cholakwika chimene iyeyo anaiwala kukonza chinali pompo. Anakoka mpando akung'ung'udza.

"Iyayi, dikirani kaye," alamu aja anamugwira dzanja, maso ali pakompyuta. "Apa akuti akaigwira munthu wosakhala wa kampani imene inandigulitsayo, atitengera kukhoti."