Duwa la abwana

A Chikaipa anapopera madzi kachitatu tsikulo, nakhala pabedi n'kumayang'ana mdani wawo. Kanali kachomera kosaposa chala chachikulu, kolendewera pamsomali pafupi ndi zenera. Mwana wawo Yunike ankakatchula kuti okidi. Sikankafuna dothi. Timizu take tinangokumbatira kachidutswa ka khungwa.

Yunike anabwera nako miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, sabata yomwe anawatenga kumgodi wa Jumbo kuti akhale naye pang'ono m'tauni, kudera la Aerodrome, chifukwa cha chifuwa. Anati n'ka abwana ake, Mai Ruvarashe, kochokera kunkhalango za kutali, ndipo amusungitsa mpaka katachita maluwa. Kakangofa, ntchito yakenso yatha. Poti iye amakhala kuofesi tsiku lonse, wosamalira anali ndani ngati si Baba?

Malamulo ake anali ngati a kundende. Madzi amvula okha, a pampopi amawotcha mizu. Kupopera m'mawa, masana ndi madzulo, koma dontho lisagone pakati pa masamba, kangawole. Kuwala inde, dzuwa lolunjika ayi. Beseni lamadzi pansi kuti mpweya uzikhala wa chinyontho. Fumbi ayi, utsi wa fodya ayi, ngakhale fungo lake pamalaya.

Munthu woti anatha zaka makumi atatu pansi pa mgodi osaopa mdima, lero n'kumangidwa ndi masamba asanu! Mnzawo Kaitano anaimba foni kambirimbiri kuti malo awo pachigayo cha miyala ya golide akadalipo, abwere. A Chikaipa ankangoti mawa. Ankamva makombi, maminibasi aja, akuitanira anthu kumsewu, mtima n'kumawawa. Tsiku lina anafika povala jekete ndi chipewa, koma atagwira chitseko anaganizira mmene nkhope ya Yunike ingaonekere atachotsedwa ntchito, ndipo anabwerera kukatenga botolo lopopera.

Lachinayi lina timaluwa tinatuluka. Tinali tinayi, toyera, tochepa kuposa njere ya chimanga, tonunkhira ngati uchi. A Chikaipa anaseka okha m'chipindamo, nalongedza chikwama. Ukaidi unali utatha.

Madzulo ake kunagwa mvula, ndipo galimoto inaima pageti. Mai Ruvarashe anali ataperekeza Yunike, ndipo analowa kuti apereke moni. Yunike anapita kukhitchini kukatereka tiyi. A Chikaipa sanadikire. Anachotsa kachomerako pamsomali ndi manja awiri, naitana mlendoyo kuti aone.

Anamufotokozera zonse, za madzi amvula, za beseni, za fodya amene anasiya. Anati sanaphonyepo tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo anapempha kuti mwana wawo amuone bwino pantchito.

"Tengani duwa lanu, mai. Ine mawa ndikwera kombi yoyamba ya ku Jumbo."

Mai Ruvarashe anakweza magalasi, nayang'anitsitsa timaluwato. Anati n'tokongola zedi, koma sanatambasule dzanja.

"Langa, agogo? Ine kwathu ndilibe ngakhale duwa limodzi. Ili si lija Yunike anagula ku Harare? Ndinali naye tsiku limenelo. Tinkachokera kwa dokotala, atamuuza kuti mapapo anu akabwereranso kufumbi simufika Khirisimasi."

Pakhomo la chipinda makapu anagundana pathireyi. Yunike anali ataima pomwepo, maso ali pansi. Kalendala ya pakhoma inali itafika kale pa Febuluwale.

A Chikaipa anayang'ana mwana wawo. Kenako anatembenuka, nabwezera kachomerako pamsomali, n'kufunsa ngati wina wakumbukira kutchera ndowa panja, poti mvula yotere siibwera tsiku lililonse.