Ndudu Zitatu za Alile

Ndudu zitatu zinali ndandanda patebulo la a hedi, ndipo Alile anali atagwada pasimenti yozizira, maso pansi. Zinagwa m'thumba la juzi yake akuthamangira belu la buleki, anzake onse akuona.

Aphunzitsi a Gerevazio anaima pakona akumung'unya switi yachifuwa monga mwa masiku onse, koma lero inkawawa ngati kwinini. Iwo ndiwo ankayang'anira kalabu yolimbana ndi kusuta pasukulu iyi ya kufupi ndi Bembeke. Chithunzi cha mapapo akuda bii chomwe chinali pakhoma anamata okha. Alile, wa Fomu 4, anamusankhanso okha kukhala wapampando: mwana waulemu, wosakana akatumidwa, yemwe aphunzitsi onse ankamusungitsa makiyi popanda nkhawa.

"Wakuphunzitsa ndani?" a hedi, mayi Falesi, anafunsa kachitatu. "Anyamata a kabaza aja eti? Tchula dzina, ndikukhululukira."

A hedi anatembenukira kwa a Gerevazio.

"Mwaonatu, a Gerevazio? Ife timalalikira mpaka kusasa mawu, koma mwana amatengera amene akuyenda naye. Mnzake akangoyatsa, zonse zija zauluka."

"Zoonadi," anatero a Gerevazio.

Manyazi anawagwira mpaka kumapazi. Ankawadziwa mayi ake a mtsikanayu, omwe amasenza mbatatesi kupita nazo kumsewu kuti mwana aphunzire. Ankadziwanso kuti mayeso a boma angotsala mwezi umodzi. Mawu awo akanatha kumupulumutsa. Anatsegula pakamwa, nayang'ana chithunzi chija, n'kutsekanso.

A hedi analemba kalata: masabata atatu kunyumba, ndipo upampando wathera pomwepo.

"Mperekezeni pageti. Paja ndi mwana wanu."

Anayenda, mphunzitsi patsogolo, mwana pambuyo, mphepo yochokera kuphiri ikulowa mpaka m'mafupa. Pageti Alile anagwadanso, kalata ili m'manja, misozi ili mbwembwembwe. A Gerevazio anayembekezera mawu olasa, ndipo mumtima anavomereza kuti akuwayenera.

"Pepani aphunzitsi, ndalakwitsa ndine," ananong'ona mtsikanayo. "Zomwe mumasuta zija zinatha kugolosale, ndiye ndinachita kukagula kumsika, belu n'kundipeza panjira. Nanga masabata atatuwa muzituma ndani?"