Jeneza la a Jafali

Jeneza linatuluka m'komboni dzuwa litapendeka. Mwajuma ankatsatira pamodzi ndi amayi anzake, mwana kumsana, maso ali pa nsalu yobiriwira imene inaphimba jenezalo n'kulendewera m'mbali.

Omwalira anali a Jafali, nkhalamba yosonkhezera moto m'mabalani a fodya. Koma Mwajuma sankalirira iwo. Dzulo lake mwamuna wake Rashidi, womangidwa chifukwa chodyetsa anyamata a m'tchire omenyana ndi boma la azungu, analumpha m'lole ya apolisi popita ku tauni ya Sinoia, unyolo uli m'manja. Loleyo inali itaima kuti asilikali afufuze mabomba mumsewu. Tsopano pulazi yonse inali itazingidwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti wothawa akagwidwa safika kukhoti.

M'mawa Shehe Kassimu anangomunong'oneza kuti, "Atuluka ndi maliro, mwanangu. Usafunse zambiri."

Manda anali kunja kwa mpanda wa waya wozinga pulaziyo. Amuna ankalandirana jeneza monga mwa mwambo, uyu kulowa uyu kutuluka, liwiro lake losapumira. Mwajuma anaona kuti likupendekera kumbuyo. A Jafali anali owonda ngati phesi, akanalemera chotero? Ngati iye waona, apolisi alephera bwanji?

Pageti panaima Landirova. Pambali pa sajeni wachizungu panali konistabulo Yesaya, amene ankaperekeza Rashidi dzulo. Mlomo wake unali wotupa.

"Mirai," anatero Yesaya powaimitsa. "Bwana akuti tsitsani."

"Ife sititula maliro panjira," anayankha Shehe. "Ofuna kuona akwere aone."

"Inu akumzikiti mumathamangira kukwirira ngati mwaba. Lero tiona chimene mwaba."

Onyamula anasendeza jeneza pafupi ndi galimoto, mitu ili pansi. Sajeni anakwera paboneti, napinda nsalu ndi mpope wa mfuti. Maso onse, a apolisi ndi a anthu, anakwera naye pamwambapo. Mwajuma analuma nsonga ya chitenje. Mwana anayamba kulira, iye osamugwedeza n'komwe. Makutu ake ankadikira mfuti.

Sajeni anamasula sanda yokulunga mtembo. Inaoneka nkhope ya a Jafali, thonje m'mphuno. Anapisa dzanja pansi pa mtembo, nagogoda matabwa, nabayanso kumiyendo. Munalibe wina. Anatsika akupukuta dzanja pabuluku.

"Chokani," anatero Yesaya, osayang'ana munthu. "Kakwirireni nkhalamba yanu."

Mwajuma analavula nsonga ya chitenje ija, natembenukira kukomboni. Ngati Rashidi sali m'jeneza, ndiye kuti Shehe alephera, munthu adakali m'komboni. Kumbuyoko asilikali anali atayamba kutsitsa agalu m'lole.

Amayi safika kumanda, choncho anaima pageti pomwepo. Mwajuma anayang'ana jeneza likutalikira kunja kwa waya, molunjika kumsitu. Amuna anayambanso kulandirana, uyu kulowa uyu kutuluka. Mmodzi yekha, wakumbuyo kwenikweni, wovala mkanjo womufupikira, sanalandiridwe. Mutu wake unali m'nsalu yolendewera ija, ndipo Mwajuma anakumbukira kuti chichokereni m'komboni munthuyo sanasiyepo mtengo wake wa jeneza.

Anaugwira ndi manja onse awiri, ophatikizana. Mphepo itakweza nsalu pang'ono, chitsulo chinanyezimira pamikono pake.