Muwawani wa ku Chinyonga

Panali munthu wina dzina lake Paston, amene ankakhala ku Chinyonga ndi amayi ake, a Dailesi. Nkhaniyi anandiuza ndi mneba wawo, m'masiku amene ndinkakhala ku Limbe ndisanasamukenso.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mtengo wa muwawani. Amene mwakulira m'tauni mwina simuudziwa. Ndi mtengo wa m'tchire, wa khungwa lokhakhala, lowawa kwambiri. Umachita maluwa achikasu m'chilimwe, dzuwa likaswa mtengo, masamba asanaphuke, kenako umabala nyemba zazitali ngati ndodo. Kale m'midzi munthu akamva m'mimba kupota ankanyika khungwalo m'madzi n'kumwa.

A Dailesi anabwera ndi njere zake m'chitenje kuchokera ku Nsanje, chaka chimene amuna awo anamwalira. Anazitola pansi pa muwawani umene unali pafupi ndi manda a malemuwo. Inamera imodzi yokha. Patapita zaka, madzi osefukira anakokolola mudzi wonse ndi manda omwe. Chimene chinatsala cha kwawo chinali mtengowo.

Anthu ankabwera kudzapempha khungwa, ndipo a Dailesi sankamana. Koma mpeni sankapatsa munthu. Ankasenda okha kachidutswa kofanana ndi zala ziwiri, mbali imodzi, n'kumata dothi pabalapo. Akatero ankati, "Kukacha musanapeze bwino mupite kuchipatala."

Tsiku lina anayenera kupita ku Zomba kukadwazika mng'ono wawo. Ali pakhomo ndi chikwama anamuuza Paston kuti, "Wina akabwera, usende wekha. Usamusiye munthu yekha ndi mtengowu. Mtengo umadyera m'khungwa. Ukausenda kuzungulira, wausiya wakufa."

"Amayi, mwandiuza kangati zimenezi? Pitani, basi ikusiyani."

Patatha sabata, m'mawa Paston akutseka chitseko kuti athamangire minibasi ya m'tauni, panafika bambo wina wovala jekete, chipewa chili m'manja.

"Odi achimwene. Akuti pano pali muwawani. Akazi anga agona akubuula ndi m'mimba. Ndithandizeni kachidutswa chabe."

Paston anayang'ana nthawi pa foni. Kuntchito anali atachenjezedwa kale za kuchedwa. Anatenga chikwanje n'kumupatsa.

"Mudule pang'ono, mbali imodzi. Chikwanjecho musiye pakhonde."

"Musadandaule bwana, mitengo ndinakulira nayo."

Atabwera madzulo, chikwanje chinali pakhonde monga anagwirizana. Koma thunthu la mtengo linali mbee, kuyambira m'mawondo mpaka pamene dzanja la munthu lingafike, kuzungulira konse.

Paston anakanda dothi n'kumata thunthu lonse, n'kukulunga ndi masaka. Loweruka akudutsa pafupi ndi msika wa Limbe anamuona bambo uja atayala makungwa pa thumba, akuitanira anthu. Anamugwira jekete.

"Akazi anu aja ali bwanji?"

"Akazi ati? Achimwene, makungwa amafanana. Pali dzina lanu apa?"

Anthu anaseka, wina n'kuti, "Madala, mukulirira nkhuni?" Paston anamusiya.

Amayi ake akaimba foni ankafunsa za mtengo asanafunse za iyeyo. Iye ankati uli bwino. Ndipo pooneka unalidi bwino. Mtengo wosendedwa chotere suuma tsiku lomwelo. Madzi amakwerabe kupita kunthambi, koma mizu pansi imakhala ikufa ndi njala. Mu Seputembala unachita maluwa ochuluka kuposa chaka china chilichonse, njuchi zili ng'waa, moti aneba ankaima kujambula. Paston anayamba kukhulupirira kuti dothi lija lagwira ntchito.

A Dailesi anabwera maluwawo adakalipo. Asanalowe m'nyumba anazungulira kuseri. Paston anawatsatira akulankhula mofulumira.

"Mwaona maluwawo amayi? Masakawo ndaika chifukwa cha mbuzi."

A Dailesi anayandikira mtengowo. Anamasula chingwe, masaka n'kugwa. Dothi linali litauma, linangoyoyoka. Anaika dzanja pathunthu n'kuyenda nalo pang'onopang'ono, kufuna poti mwina patsala kamzere ka khungwa kolumikiza kumwamba ndi pansi. Anazungulira mpaka anafika pamene anayambira.

"Unali kuti?"

"Ndinkachedwa kuntchito."

"Kusenda zala ziwiri kukanakuchedwetsa bwanji?"

Paston anagwada. "Koma ukuchita maluwa, amayi."

"Ukutsanzika umenewu, mwanawe."

Chiyembekezo chinatsala pa njere. A Dailesi anafunsa za nyemba zouma za chaka chatha, zimene zinali pansi pa mtengo. Paston anali atazisesa n'kuziotcha pamodzi ndi zinyalala. Anadikira zatsopano. Tinyemba tinatuluka, koma tinafota tisanafike kutalika kwa chala. Mvula itagwa mitengo yonse ya ku Chinyonga inaphuka, kupatula umodzi.

Paston anafunafuna mpaka anapeza mbande ya muwawani kwa ogulitsa mitengo m'mbali mwa msewu. Amayi ake anaiyang'ana n'kuti, "Dzala, ndi mtengo wabwino. Koma uwu sukuwadziwa bambo ako."

Sanamukalipire, ngakhale tsiku limodzi. Mneba uja akuti zimenezo n'zimene zinamudya Paston. Tsiku limene nthambi yaikulu inagwa, anthu atabwera kudzathandiza kudula thunthu, a Dailesi anakhala pakhonde akuonerera. Atamaliza anamuitana mwana wawo.

"Ndinkafuna kukuuza kuti ndikadzafa udzathyole kanthambi apa, udzandiikire m'bokosi, popeza kumudzi kulibenso manda. Tsopano usavutike. Kumudzi kunali apa."

Phunziro: Makolo akakubwerezerani mawu mpaka kukutopetsani, dziwani kuti pali chimene akuteteza. Chinthu chimene mwasungitsidwa musachipereke m'manja mwa mlendo chifukwa choti mukufulumira, ngakhale abwere ndi nkhope yachisoni. Thandizani, koma mpeni gwirani nokha. Ntchito mukachedwa mumapepesa, koma mtengo wa zaka makumi atatu umafa m'mawa umodzi. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka amene asiyiridwa pakhomo.