Botolo Lonse

"Nditsanulireni botolo lonselo, amake Diana," anatero Elisha.

Mkazi wake anaima chilili, supuni ili m'manja. Khansa inali itamudya Elisha mpaka kutsala mafupa okhaokha, ndipo kuchipatala anangowapatsa mankhwala oletsa ululu n'kuwabweza kumudzi. Namwino anachenjeza kuti akamwa mopyola muyeso sadzukanso.

"Ng'ombe yathu ija itathyoka msana kudambo, si inu munati ndiizinge isavutike? Ine ndachepa kuposa ng'ombe?"

"Moyo ndi wa Mulungu," anayankha mayiyo, koma mawuwo anamveka ngati obwereka.

Panja, m'chigafa, fodya amene Elisha anawokera yekha anali akuuma.

"Tabita."

Chibadwire Diana, mwana wawo woyamba, mwamunayo anali asanamutchulenso dzina limeneli. Lero analitchula mmene ankachitira ali mnyamata, akumudikira ndi njinga panjira ya ku Chisepo.

Tabita anatsanula supuni imodzi yokha n'kumumwetsa. Botolo lija analibisa m'chitenje.

"Mundikhululukire, bambo," ananong'ona, akumupukuta pakamwa. "Ndikufuna mawa mudzandiitanenso choncho."