Kondakitala Amene Anapakira Anapiye Ngati Minibasi

Panali munthu wina, kondakitala wa minibasi, amene anzake ankangomutcha Sunthani chifukwa cha pakamwa pake. Bwana wake atagulitsa galimoto, ntchito inathera pomwepo. Sunthani analumbira kuti sadzalendeweranso pachitseko cha munthu. Anatenga kangachepe komwe anapatsidwa n'kugula anapiye a tsiku limodzi, nawaika m'kachipinda kosungiramo katundu. Chiyembekezo chonse cha banja lake chinali pa tianapiyeto.

Vuto linali magetsi. Mababu awiri otenthetsa anapiye ankameza mayunitsi koopsa. Tsiku lina kukuzizira, Sunthani anathimitsa onse awiri. Posakhalitsa anapiye anathamangira pakona n'kuunjikana, ena pamwamba pa anzawo.

"Mayi a mwana, tabwerani mudzaone nzeru," anaitana mkazi wake. "Akufunditsana okha, ulere!"

Mayiyo, amene anakulira pakhomo loweta nkhuku, anapukusa mutu.

"Bambo, anapiye akaunjikana chonchi ndiye kuti akuzizidwa. Yatsani ngakhale babu limodzi."

"Inu, ine ndapakira anthu zaka zambirimbiri. Anthu akathinana samva chisanu. Munamvapo wina akudandaula kuzizira pampando wakumbuyo?"

Anatseka chitseko nkhope ili mwee. Paja samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. M'mawa atabalalitsa muluwo, anapeza apansi onse ataphwanyika, ozizira kale. Pafupifupi theka linali litapita. Sunthani anakhala pansi, pautuchi, misozi ili mbwembwembwe.

"M'minibasi munthu akapanikizika amakuwa kuti nditsike," anatero mkazi wake motsitsa mawu. "Mwanapiye akuwira ndani?"

Anthu ankayesa agulitsa otsalawo n'kubwerera kusiteji. Koma ayi ndithu.

"Otsalawa safa," anatero Sunthani kwa mkazi wake, akupukuta m'maso. "Ndiuzeni chochita, ndimva."

Anadula makatoni n'kupanga mpanda wozungulira, wopanda kona yoti anapiye aunjikanemo. Pamwamba, pafupi ndi anapiyewo, anaphimbapo chiguduli kuti kutentha kusathawire kudenga, koma anasiya mpata wa mpweya. Mkazi wake akatha kuphika, iye ankaika njerwa pamakala otsala pambaula, n'kuzikulunga m'sanza, n'kukaziika mumpandamo. Babu limodzi linakwana, ndipo sipanafenso mwanapiye ngakhale mmodzi.

Tsiku lina mnzake wakusiteji anabwera kudzaona, nati, "Aise, malo onsewa? Apa pakhoza kulowa enanso ambiri!"

Sunthani anaima pakhomo n'kutambasula manja.

"Muno mwadzaza. Dikirani ina."

Phunziro: Kupulumutsa magetsi n'kwabwino, koma chepetsani malo otenthetsa, osati kutentha kwenikweniko. Anapiye akaunjikana akukuuzani kuti akuzizidwa. Nzeru za ntchito yanu yakale musazikakamize pa ntchito yatsopano, ndipo mverani amene anaiyamba kale, ngakhale akhale wam'nyumba mwanu momwe. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa aliyense amene akuweta anapiye isanafike nyengo yozizira.